Kompyuta yakale siifa msanga, abale

Anthu ambiri akaona Macintosh Plus ya 1986 ikuphethira chizindikiro cha funso pa sikirini, amati basi yafa, katayeni. Ine ndimakana. Chizindikirocho chimangonena kuti makinawo sakupeza disiki yoyambira, ndipo kawirikawiri vuto limakhala pa hard drive yakunja yolumikizidwa ndi chingwe cha SCSI.

Ine ndimayamba ndi zinthu zitatu. Choyamba, yatsani drive kaye, mudikire imveke ikuzungulira bwino, kenako kompyuta. Mukayatsa zonse pamodzi, kompyuta imafunafuna disiki isanakonzeke. Chachiwiri, onani nambala kumbuyo kwa drive. Manambala ndi 0 mpaka 7, koma 7 ndi ya kompyutayo. Zida ziwiri zikalimbirana nambala imodzi, zili ngati mavenda awiri pa benchi imodzi: palibe agulitse. Chachitatu, chida chomaliza pa chingwe chikhale ndi terminator.

Chimandiwawa n'chakuti m'madrive otere mumagona makalata ndi maakaunti a bizinesi a zaka zambiri. Inu ogula katundu wakale, musathamangire kugulitsa ngati zitsulo. Yesani izi kaye. Koma chonde, musazule chingwe makina akuyaka, mungawononge zonse.