Kulira kwa babatoni pa msika wa Nathenje

Amangwetu, ulendo wanga wa ku Nathenje sunali wokamvera nyimbo ayi. Ndinapita kukaona mitengo ya tomato ndi anyezi, poti mavenda a mumsika waukulu wa Lilongwe akhala akulira kuti kopikula zinthu sizili bwino. Koma ndabwerako ndi nkhani ina.

Minibasi tinakwerera pa depoti, anayianayi pampando, dengu la mayi wina lili pamiyendo panga. Tinadutsa pa Biwi, pa Bunda Turn Off pomwe pamapatukira msewu wa ku Mitundu, kenaka pa Nanjiri, mpaka kondakitala anakuwa kuti otsika pa Nathenje akonzeke. Kwa amene simunafikeko, malowa ali m'mbali mwa M1, msewu wa ku Dedza ndi Blantyre. Mukapitirira mufika pa Kamphata, pokhotera ku Nkhoma, kenaka pamlatho wa Diamphwe, malire a Lilongwe ndi Dedza.

Tsiku la msika pa Nathenje sipaponda mwana. Milu ya tomato, kabichi, mbatatesi, kaunjika woyalidwa pansi, ngolo, akabaza akulimbirana okwera, utsi wa kanyenya ndi chiwaya cha tchipisi uli tolotolo. Ndili mkati motsitsa mtengo wa anyezi, ndinamva chinthu chikubuula kuseri kwa mabenchi, mawu okhuthala ofika mpaka m'mimba.

Anali anyamata atatu. Wina anali ndi banjo ya chigubu cha mafuta ophikira, mawaya ake a buleki ya njinga. Wina ankagwedeza zitsekerero za mabotolo zotungidwa ku waya. Wachitatu ndiye anali ndi babatoni: mtengo wautali, waya mmodzi yekha, kumunsi kwake ng'oma ya chikopa cha ng'ombe. Dzanja lina amamenya wayayo ndi kamtengo, lina akuyendetsa botolo pamwamba pake, mawu n'kumakwera ndi kutsika ngati munthu akudandaula.

Mayi wa tomato woyandikana nawo sanasangalale. "Inu anyamata, tasunthani apo! Anthu akundipondera katundu, ogula palibe. Nyimbo n'zakudya?"

Anyamata aja anayamba kulongedza mwakachetechete. Ndinamufunsa wa babatoni uja kuti, "Achimwene, pa tsiku mumapeza zingati?" Anandionetsa kambale: ma K50 ndi ma K100 angapo opindikapindika. "Ya sopo ndi mchere basi, bwana. Kumudzi amati ndife alobodo."

Ndipamene ndinakumbukira a Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni anakumana mu Lilongwe mu 2002, chaka cha njala ija, n'kuyamba kuimba m'misewu, akukhala ku Mtandire. Zida zawo n'zomwezi: Yobu amaimba babatoni wopanga yekha, Yosefe gitala ya mawaya anayi, uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Mu 2009 Emmanuel Kamwenje anawamva n'kuwajambula, koma anapitirizabe kuyenda wapansi m'tauni kwa zaka zina zambiri. Ulendo wawo woyamba kukaimba kunja unadza mu 2017, pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar. Tawerengani bwino: kuchoka 2002 kufika 2017 ndi zaka 15 za fumbi ndi dzuwa. Zitatero anayamba maulendo a ku Ulaya, kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa zimbale zawo, Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022, ndipo mu 2025 anaimba ku Glastonbury, chimodzi mwa zikondwerero zikuluzikulu za nyimbo ku England.

Si iwo okha. A Malawi Mouse Boys anali mavenda ngati inu nomwe, ogulitsa mbewa zapampani m'mbali mwa M1 yemweyu cha ku Balaka. Mzungu wina wa ku America wojambula nyimbo, Ian Brennan, anaima pamsewu n'kuwamva. Chimbale chinatuluka mu 2012, ndipo mu 2013 anakaimba pa chikondwerero cha WOMAD ku England. Tikabwerera m'mbuyo, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba m'misewu ya Blantyre pomwe Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nawo mu 1967. Pofika 1972 anali akuimba ku Kenya ndi ku Germany.

Mwina mukuti, kodi azunguwa amamvamo chiyani mu waya mmodzi? Kwawoko kuli nyimbo zotchedwa blues, zomwe anayambitsa anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo, ndipo ndi zomwe zinabala rock. Ku Mississippi ana a alimi osauka ankakhoma waya mmodzi pathabwa kapena pakhoma la nyumba n'kumayendetsapo botolo, monga momwe amachitira mnyamata wa pa Nathenje uja. Kubik yemweyo analemba buku mu 1999, Africa and the Blues, lofufuza mizu ya nyimbozi kuno ku Africa. Choncho iwo akamva babatoni, amamva agogo ake a gitala zawo zamagetsi. Ife tikamva, timati phokoso.

Komatu ndisakunamizeni. Si aliyense wa chigubu ndi waya adzakwere ndege. Ambiri adzakalamba ndi kambale kawo. Ndipo ngakhale mwayi utagogoda, pamafunika chiphaso cha unzika, pasipoti, visa ndi ndalama ya ulendo, zinthu zomwe mnyamata wopeza ya mchere yokha sangazikwanitse payekha. Palinso akathyali omwe amajambula nyimbo za anthu n'kumadyerera. Ndinawauza anyamatawo kuti asamadinde chala papepala lomwe sanalimve, komanso kuti kuli bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa nyimbo. Anandiyang'ana modabwa. Dzinalo anali asanalimvepo.

Apa ndiye pali mbali yanu, inu a pamsika. Woimba wa mumsewu alibe holo, alibe wailesi. Siteji yake ndi mpata uja uli pakati pa benchi lanu ndi la mnzanu. Inunso mukudziwa kuwawa kwa kuthamangitsidwa pamalo ndi katundu pamutu. Nanga bwanji kuthamangitsa mnzanu amene geni yake ndi mawu? Ngati anthu akupondadi katundu, muuzeni asunthe pang'ono, koma osamutcha wamisala.

Nkhani yonseyi ndimaikamba mokweza, ndipo mayi wa tomato uja ankamvetsera uku akupanga milu. Sanandiyankhe ine. Anangoloza pansi pa mtengo chapafupi nati, "Kaimbireni apo pamthunzi, ana inu. Koma muyambe ya Mulungu." Atamaliza nyimbo yoyamba, anawaponyera tomato anayi m'kambale muja.

Anyezi ndinagula, mtengo wake ndi wokweradi, mavenda a m'tauni simukunama. Minibasi yobwerera inachedwa kudzaza, ndipo nthawi yonseyo babatoni ankamvekabe kuseri kwa mabenchi.