Chotupa chosapweteka cha m'khosi

Kuno kwathu munthu akatuluka chotupa m'khosi, ambiri amaganiza za TB, ena amati walodzedwa. Koma ilipo khansa ina imene imamera kuseri kwa mphuno, pamwamba pa mmero. Imadziwika ndi chotupa chosapweteka m'khosi, khutu limodzi lotsekeka ndi kamfuno wobwerezabwereza. Imayenderana ndi kachilombo ka Epstein-Barr kamene kanapezeka mu 1964, ndipo ndi yofala kwambiri kummwera kwa China.

Mlimi wina wa kachewere ku Angónia anakhala nacho chotupa chotere dzinja lonse, nati akolole kaye. Atapita kuchipatala, madokotala anadula kanyama nakapima, ndipo anapeza kuti khansayo yafika kale m'mwanabere. Mkazi wake anapempha kuti angomuchita opaleshoni. Anamuyankha kuti malowo ali pansi penipeni pa chigaza, pafupi ndi mitsempha ikuluikulu, moti mpeni sufikapo bwino.

Njira imene anapatsidwa ndi ya mankhwala awiri nthawi imodzi. Makina amawotcha chotupacho ndi cheza champhamvu masiku asanu pa sabata, kwa masabata pafupifupi asanu ndi awiri. M'masiku omwewo wodwala amalandiranso mankhwala a cisplatin kudzera m'diripi, amene amafooketsa khansayo kuti chezacho chiiphe mosavuta. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 1998 anasonyeza kuti patatha zaka zitatu, odwala 78 mwa 100 alionse olandira zonse ziwiri anali moyo, pamene mwa olandira cheza chokha anali 47.

Makina otere anayamba kugwira ntchito pa Hospital Central de Maputo mu 2019. Kuchokera ku Ulongwe ndi ulendo wautali, ndipo banjali linagulitsa ng'ombe ziwiri.

Sabata lachinayi m'kamwa mwa bamboyo munadzala zilonda, malovu anauma, nsima inakanika kumeza. Iye anati, “Amayi, tiyeni kumudzi, ndikafere pakhomo.” Mkaziyo anakana. Anamuphikira phala lamadzimadzi la nsinjiro, namumwetsa madzi ambiri monga anamwino analangizira, pakuti cisplatin amavutitsa impso. Bamboyo anamaliza masiku ake onse.

Abale, kudukiza thandizoli kumapatsa khansa mpata wophukanso. Ndipo chotupa cha m'khosi chikatha masabata atatu osaphwa, pitani nacho kuchipatala ngakhale chisakupwetekeni.