Mpini Wozolowera

Kwathu ku Neno mlimi sasintha mpini wa khasu mwachisawawa, pakuti dzanja limakonda chimene lidazolowera. Inenso pa kompyuta ndidazolowera Windows. Koma mu Okutobala 2025, a Microsoft atasiya kusamalira Windows 10, mdzukulu wanga adati: "Agogo, ndalama za manachesi sizingagule kompyuta ina. Tiikemo Ubuntu, ngwaulere."

Ndidavomera monyinyirika. Zizindikiro zimene ndinkazipeza m'munsi zidandandalikidwa kumanzere, ndipo ndidasokonezeka ngati mlendo pamphambano. Mwanayo sadandiseke; adakhala nane madzulo aliwonse kufikira ndidayambanso kulemba makalata ndekha.

Abale, chimene ndinkachitcha ubwino wa Windows chidali chizolowezi chabe. Dzina loti Ubuntu, m'chinenero chathu, ndi umunthu. Umenewo ndidauona mwa mdzukulu wanga.