Mbewu ya Kuseri kwa Bafa

Tsiku lina pamsika wa Limbe mayi wina anandifunsa ngati zinkhupule zanga ndimakapikula kunyanja. Ndinatenga chimodzi n'kuchigwedeza, nthanga ziwiri zakuda, zaphwatalala, n'kugwera m'dzanja lawo. "Mayi, mukadzale izi mvula ikagwa," ndinatero. "Ameneyu ndi m'bale wake wa dzungu, mphonda ndi chipwete."

Kwathu ndi ku Mikolongwe, m'mbali mwa msewu wa Midima wopita ku Mulanje. Dziko lonse limatidziwa ndi nkhuku zakuda zija, ndipo ine zitosi zake ndiye fetereza wanga. Kuno ku Chiradzulu malo ndi ochepa: kamunda kamodzi komweko chimanga, nandolo ndi mbatata zimachita kulimbirana. Chinkhupule chokha sichipempha mzere, chimangofuna poyanga. Agogo anga ankachidzala kuseri kwa bafa, chizimwa madzi osambira, chiziyanga pampanda waudzu. Ine ndinangowonjezera thandala la nsungwi.

Ndimadzala mvula yoyamba ikalowerera, kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Khungu la nthanga zake ndi louma, choncho ndimaziviika m'madzi usiku umodzi. Paphando ndimaika zitatu, zikamera n'kusiyapo ziwiri zamphamvu. Poyamba chimakula mwaulesi moti wosachidziwa amataya mtima, koma tizingwe take tikangogwira nsungwi, chimathamanga osayang'ana m'mbuyo.

Maluwa ake ndi achikasu, ndipo alipo amuna ndi akazi pamtengo umodzi. Amuna amabwera ambiri pakaphesi kamodzi, amayamba ndiwo kumasula, n'kuyoyoka. Lachikazi limakhala lokha, ndi kamwana kooneka ngati kankhaka kumbuyo kwake. Njuchi ndizo zimakwatitsa awiriwa, n'chifukwa chake sindipopera mankhwala maluwa akamasula. Chipatso chikalendewera chimakula chowongoka. Chikagona pansi chimapindika, mwinanso kuola. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa thandala langa, ndinakolola zoola zokhazokha. Kuyambira pamenepo nsanamira ndimazika zakuya.

Luso lenileni lili pokolola. Ku India ndi ku China amathyola chanthete n'kuphika ndiwo, koma ife ofuna chosambira timadikira miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndimachinyamula m'dzanja chidakali pamtengo. Chikalemera, sichinafike. Chikapepuka, khungu n'kuyamba kufiirira, ndikachifinya n'kumva kuti khungu lasiyana ndi ulusi wam'kati, ndiye nthawi yake. Ukafulumira, ulusi umakhala wosakhwima, sulimba. Ukachedwa mpaka chiperoni cha mu Juni chikupeze, mvula yowaza ija imadetsa ulusi ndi chuku, ndipo wogula amangochiyang'ana n'kupitirira.

Ndikathyola ndimabudula kunsonga, n'kugogoda pamtondo kuti nthanga zituluke. Za zipatso zazitali ndi zowongoka ndimasunga m'botolo, ndathiramo phulusa. Kenaka ndimaviika chipatsocho m'ndowa, khungu limasendeka ngati la nthochi. Ndimatsuka mpaka kuterera konse kuthe, n'kuyanika pachingwe dzuwa liziwalitse. Chokhwimitsa, cha ulusi waukali, ndimadula tizidutswa tokwechera mbale ndi mapoto; chofewerako n'chosambira. Zina ndimazing'amba m'litali, kuchotsa mtima wake, n'kusokerera kansalu m'mphepete ndi tizingwe mbali zonse kuti munthu azidzikhula yekha kumsana.

Masiponji apulasitiki adzaza m'magolosale, sindikana. Koma ogula anga amabweranso, akuti litsiro limamva chinkhupule. Ndimawauza kuti akasamba azichikoleka pouma, ndipo chikatha asadandaule potaya: achiponye kudzala, chikaolere komweko n'kusanduka manyowa.

Mayi aja ndinakumana nawonso chaka chotsatira. Anandilonjera bwino, koma sanagule. Akuti mpanda wa bafa lawo ku Bangwe wachita kuwerama ndi zipatso, ndipo anabwera kudzafunsa kasendedwe kake. Ndinawaonetsa.