Nsimbi ya Makala

Kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, pa mseu waukulu wopita ku Chipata, kuli boma la Chongwe, dziko la Asoli. Kumeneko kukhala mai wina wokalamba, wamasiye, amene anacoka kwao ku Katete kudzakhala ndi mwana wace wamwamuna, mphunzitsi, pamodzi ndi mpongozi wace.

Katundu wa agogowo sanali wambiri ai: kabokosi ka zobvala, mabeseni atatu acitsulo, ndi nsimbi ya makala yakuda bii, imene anaigula mwana waoyo asanabadwe. Mpongoziyo, pokhala munthu wokulira m'tauni, anali ndi makina ocapira ndi nsimbi yamagetsi. Poona katunduyo anabisa pakamwa naseka, nati, "Amai, zimenezi nzamakedzana. Lolani ndikaike mabeseniwa ku khola, nkhuku zizimweramo." Agogowo sanapse mtima. Anangoti, "Mwananga, nkhokwe saipasula cifukwa lero wagula ufa ku sitolo," nakankhira katundu wao kunsi kwa kama.

Tsono cinafika caka ca 2024. Mvula inadula cimanga cisanamasule, ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika m'nyanja ya Kariba, imene khoma lace linatha kumangidwa mu 1959, ndipo makina opanga magetsi anasowa cowazungulitsa. M'mwezi wa March bungwe la ZESCO linayamba kuzima magetsi maola 8 pa tsiku. Pofika September, m'malo ambiri anali kuyaka maola 3 okha, kawirikawiri pakati pa usiku. Magetsi akazima, nao makina okoka madzi aima, kotero kuti pompi inauma pamodzi ndi nyali. Makina ocapira aja anasanduka poikapo mbale.

Mpongoziyo sanafune kufunsa, pakuti anakumbukira kuseka kwace kuja. Anali kutunga zigubu ziwiri za malita 20 ku citsime, nathira zobvala zonse m'cidebe cimodzi, zoyera ndi zakuda zomwe, nazicapa mofulumira, naziyanika pa udzu patsinde pa mtengo wa mango. Kusita analekeratu. Agogowo anali kuona zonsezi. Kamodzi anamcenjeza za pa udzupo, koma iye anangoti, "Ndamva, amai," osasintha kanthu.

Mvula yoyamba itagwa, mwana wakhanda wa m'nyumbamo anayamba kulira usiku wonse. Pa msana pace panaturuka zithupsa zitatu zofiira, ciri conse ndi kaboo pakati. Agogowo atayang'ana anadziwa pomwepo kuti ndi mphutsi. Pali nchenche ina imene iikira mazira pa dothi la mumthunzi ndi pa zobvala zonyowa zoyanikidwa pansi. Munthu akabvala, timphutsito tilowa m'khungu ndi kukulira momwemo. Cimene cipha mazirawo ndico kutentha kwa nsimbi. Anapita naye mwanayo ku cipatala, kumene anamata mafuta a Vaseline pa zithupsazo kuti mphutsi zisowe mpweya, nazifinya zinaturuka.

Madzulo ace mpongoziyo anagwada pakhomo pa cipinda ca agogowo nati, "Amai, safunsa anadya phula. Ndiphunzitseni." Iwo sanakumbutse za khola la nkhuku. Anangoturutsa mabeseni aja.

M'mawa mwace anawandanda atatuwo pa khonde: loyamba la sopo, ena awiri otsukuluzira. Anayamba ndi zoyera zimene ananyika usiku, popeza cobvala cogona m'madzi sicidya sopo wambiri. Pambuyo pace zitenje, potsiriza mabuluku a kumunda. Madzi a sopo akada anali kukolopera pansi. A m'beseni laciwiri anasanduka ocapira, a m'lacitatu nasendera m'laciwiri. Motero cigubu cimodzi cinagwira nchito imene kale inali kutha ziwiri. Anamuonetsa kutikita khosi la malaya ndi m'khwapa, kumene kukhala litsiro, osati kubvutika ndi nsaru yonse.

Matewera anawapatula, nawawiritsa pa mbaula, ndipo madzi ace anakawataya m'cimbudzi. Pa ici agogowo anaumirira kwambiri, pokumbukira kolera imene inabuka ku Lusaka mu October 2023, nipha anthu oposa 700 m'dziko, kufikira bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Zobvala zonse anaziyanika pa cingwe, padzuwa. Potsiriza anaika makala a moto m'nsimbi ija, naikupiza, napukuta kunsi kwace ndi kansanza, nasita kanthu kali konse ka mwanayo mkati ndi kunja, makamaka m'misoko.

Anthu ambiri ayesa kuti kukonzekera tsoka ndiko kusunga ufa, makandulo ndi ndalama. Zimenezo nzabwino ndithu, koma zitha. Luso la m'manja silifumbwa, ndipo siliyembekeza madzi a ku Kariba; limangotayika pamene ana aliona ngati camanyazi, akulu nao nakhala cete. Makina sali oipa ai, pakuti apumitsa msana wa mai wotopa. Koipa ndiko kuiwala njira yakale tsiku limene munthu wagula yatsopano.

Lero m'nyumba muja, ngakhale tsiku limene magetsi ayaka, zigubu zikhala zodzaza, mipiringidzo iwiri ya sopo iri pamwamba pa kabati, ndi thumba la makala liri pouma. Loweruka liri lonse mpongoziyo aitana mwana wace wamkulu, mnyamata wa zaka 10, kuti adzatsukuluze yunifomu yace m'beseni lacitatu. Ndipo nsimbi ija inacoka kunsi kwa kama; ikhala pa thebulo, pambali pa inzace yamagetsi.