Jonny ndi Vayolini Yobedwa

Usiku wina mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandimvetsera nyimbo yakalekale, yothetheka ngati chimanga chikukazingidwa. "Achimwene, awa ndi a Sam Wooding," anatero. "Anajambula ku Berlin mu 1925." Ndinaseka. Germany amene ndinkamudziwa ine ndi wa m'mabuku a ku sekondale, wa Bismarck ndi Hitler. Zoti munthu wakuda wa ku America anakagwedezako mzinda ndi jazi sindinazimvepo.

Chiyambire tsikulo ndakhala ndikuwerenga za mkangano umene nyimbozi zinabutsa kumeneko. Odana nazo sanandidabwitse. Nkhondo yoyamba itatha, France anaika asilikali ku Rhineland, ena a iwo ochokera ku Senegal ndi ku Morocco, ndipo nyuzipepala zinalira kuti mtundu wanyozeka. Jazi inafika mkwiyowo usanaphwe. Mu 1930 Wilhelm Frick, nduna ya chipani cha Nazi m'chigawo cha Thuringia, analetsa nyimbo ndi magule a anthu akuda. Mu 1935 jazi inaletsedwa pa wailesi m'dziko lonse. Chidani chotere n'chosabisika, munthu amachionera patali.

Amene andisowetsa tulo ndi aja oikonda.

Josephine Baker atafika ku Berlin kumapeto kwa 1925, olemba nkhani anamuyamikira ngati mwana wa m'nkhalango, wovina mosaganiza. Chonsecho mayiyu anabadwira mumzinda wa St. Louis ndipo anali atakhetsa thukuta m'nyumba za zisudzo za ku New York. Mu 1927, ku Leipzig, kunaonetsedwa sewero loimba la Ernst Krenek lotchedwa Jonny spielt auf. Jonny ndi woimba wakuda amene akuba vayolini ya katswiri wa ku Ulaya, ndipo pomaliza aima pamwamba pa dziko lozungulira, anthu onse akuvina. Seweroli linatchuka zedi. Koma wosewera Jonny anali mzungu wodzipaka zakuda kumaso, ndipo jazi yeniyeni m'menemo ndi yochita kufufuza. Owomba m'manja ndi otukwana ankalimbirana munthu wakuda wa m'mitu mwawo, wopanda sukulu, wopanda chisoni, wongodumpha.

Izi zikundikhudza pa chifukwa changa. Chaka chatha mlendo wina wochokera kunja, titamuvinira pano pasukulu, anandigwira dzanja nati ife Aafrika nyimbo zili m'magazi. Ndinathokoza, mano onse pamtunda. Nditagona m'pamene ndinakumbukira amalume anga, amene anatha zaka akuphunzira kuwamba ng'oma pamoto ndi kumata phula lokwanira kuti ilire bwino, agogo akuwakalipira akaphonya. Zonsezo mlendoyo anazifafaniza ndi mawu okoma, ine n'kumuthandiza.

Ndinkayesa ndapeza wanzeru mwa Bernhard Sekles, mkulu wa sukulu ya nyimbo ya Hoch ku Frankfurt. Mu 1928 iyeyu anatsegula kalasi ya jazi, mphunzitsi wake Mátyás Seiber, anthu ambiri akukuwa. Kutsegula kalasi ndiko kuvomera kuti chinthucho chili ndi malamulo ofunika kuwaphunzira. Koma pofotokoza cholinga chake, Sekles nayenso ananena za kuthira magazi atsopano a munthu wakuda m'nyimbo za kwawo. Magazi omwe aja! Kalasiyo inatsekedwa mu 1933.

Mnzanga uja akuti ndikuweruza mwankhanza anthu amene analimba mtima pa nthawi yoopsa. Mwina. Ndamuuza kuti pa onsewo ine ndasankha mnyamata wina wa ku Berlin, Alfred Lion, amene anamva gulu la Wooding mu 1925 osalembapo nkhani iliyonse m'nyuzipepala. Anayamba kusonkhanitsa mbale za nyimbo ndi kumvetsera. Poti anali Myuda anachoka m'dzikomo, ndipo mu 1939 anayambitsa kampani ya Blue Note ku New York. Kumeneko oimba ankawalipira ngakhale pa masiku ongoyeserera, asanajambule.