Fodya Ankandinamiza Kuti Ndakhuta

Ndinabadwira pa komboni ya famu ina ya fodya kufupi ndi Karoi, m'chigawo cha Mashonaland West. Bambo anga anali a ku Dedza, ndipo anafika kuno kudzera ku Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu a ku Nyasaland ntchito za m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Ine ndinayamba kusuta ndili ndi zaka 16, nditapatsidwa ntchito yosonkhezera moto m'mabalani. Fodya wa Virginia amatenga pafupifupi sabata yathunthu kuti aume, ndipo moto suyenera kuzima usana ndi usiku. Pofuna kuthamangitsa tulo, tinkatola zinyenyeswa za masamba n'kuzikulunga m'kachidutswa ka nyuzipepala. Anzathu olankhula Chishona amati chimonera.

Tulo tokha si timene tinkathamangitsa. Munthu amene wapatsidwa ndime m'mawa, chakudya n'kudzachiona dzuwa litapendeka, amadziwa kuti akakoka utsi kawiri katatu m'mimba mumakhala bata. Tinkati fodya ndi ndiwo ya mmphawi, ndipo tinkanena moseka.

Ndinayesa kusiya koyamba mu 2008, chifuwa chitandivuta. Inali nthawi yolakwika. Mwini famu anali atachoka kale pa nthawi yolanda minda imene inayamba mu 2000, ife tikukhalira maganyu, m'masitolo mulibe kanthu ndipo ndalama ikutha mphamvu usanafike nayo kumsika. Ndinapirira masabata atatu. Njala imene ndinkainyenga kwa zaka zambiri inabwera yonse pakamodzi, chakudya palibe, ndipo ndinabwerera ku chimonera.

Ulendo wachiwiri unali mu 2017. Apa n'kuti ndasiya ntchito ya moto, ndikuthandiza alimi ang'onoang'ono kulemba mabelo awo m'kaundula, ntchito yokhala pampando. Kuchipatala anandiyeza chifuwa chachikulu osachipeza, koma anapeza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri. Namwino sanazungulire. Anati: “Bambo, mankhwala ndikupatsani, koma mukapitiriza kusuta ndiye kuti tikutunga madzi ndi dengu.” Tsiku lomwelo ndinataya fodya yense amene anali m'thumba.

Patatha milungu iwiri ndinayamba kumva fungo la ndiwo ndili kunja kwa mpanda. Nkhwani wotendera amene ndinamudya moyo wanga wonse anakoma ngati wachilendo. Koma pakamwa ndi m'manja munali mopanda ntchito. Nthawi iliyonse imene kale ndinkayatsa ndudu, tsopano ndinkafuna chotafuna: tiyi wa masupuni atatu a shuga, buledi, maswiti a pa kagolosale, zitumbuwa. Pa miyezi inayi sikelo inakwera ndi makilogalamu 6.

Chovuta n'chakuti palibe amene anaona cholakwika. Ku tchalitchi ankandigwira chanza amvekere, “Achimwene, mwasalala, akukusamalani bwino kunyumba.” Kwathu kuno kunenepa ndi ulemu. Ndiponso ife amene tinaika maliro ambiri a Edzi m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa mmene anthu ankamuyang'anira munthu akayamba kuwonda. Choncho mimba ikamatuluka, mtima umakhala m'malo. Mayi a kunyumba okha ndi amene sanasangalale, chifukwa mayi awo anadulidwa mwendo kaamba ka matenda a shuga. Tsiku lina akumasula msoko wa buluku langa anati: “Bambo, mwathawa utsi n'kugwera m'shuga. Kodi mukufuna ndidwazike kawiri?”

Mawuwo anandipweteka, ndipo maganizo oyamba amene anandifikira anali oipa: ndingosuta imodzi pa tsiku kuti thupi libwerere. Ndinakaulula zimenezi kwa namwino uja. Iye anandifotokozera kuti nikotini amachepetsa chilakolako cha chakudya komanso amachititsa thupi kuwotcha chakudya mofulumirirapo, kotero munthu akasiya, njala imakula pamene thupi likugwiritsa ntchito zochepa. Pambuyo pake ndinadzamva za kafukufuku amene anatuluka mu 2012 m'magazini ya madokotala ya BMJ. Anapeza kuti osiya fodya amawonjezera makilogalamu 4 kapena 5 pakutha kwa chaka, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, ngakhale kuti ena sanenepa n'komwe ndipo ena amatsika. Namwinoyo anatsindika kuti makilogalamu amenewa sangafanane ndi kuopsa kwa utsi. Bungwe la WHO limanena kuti fodya amapha mpaka theka la anthu amene amamusuta osasiya.

Sindinadzimane chakudya, chifukwa ndinali nditaphunzira mu 2008 kuti njala ndiyo khomo limene fodya amalowera. Ndinayamba kudya m'mawa ndisanachoke, mbatata yophika kapena phala, chinthu chimene wosuta sachita kawirikawiri. Nsima ndinachepetsa mtanda umodzi n'kuchulukitsa masamba ndi nyemba. Shuga wa mu tiyi ndinkachotsa supuni imodzi pakapita milungu iwiri, mwakachetechete, ngati munthu wodzibera yekha. Chilakolako cha ndudu chimabwera mwamphamvu koma sichikhalitsa. Pakapita mphindi zochepa chimazilala. Chikafika ndinkamwa madzi, n'kutafuna kamtengo kotsukira mano kamene ndinkayenda nako m'thumba momwe munkakhala machesi. M'nyengo ya masuku ndi masawu ndinkadya amenewo m'malo mwa maswiti. Mtedza unandipusitsa poyamba: ndi wabwino, koma uli ndi mafuta ambiri, ndipo munthu ukamakamba nkhani umatha mbale osadziwa. Tsopano ndimatapa dzanja limodzi basi.

Chimene chinathandiza koposa ndi khasu. Ndinatsegulanso dimba limene ndinalisiya, n'kumathirira ndi ndowa madzulo alionse, nthawi yomwe kale tinkakhala pa chitsa n'kumapatsirana ndudu. Anzanga a pa chitsapo ena anandiseka kuti ndalowa mpingo watsopano. Mmodzi ndi amene anabwera kudzafunsa, usiku, ngati akudzabwereka mchere.

Sindingabise kuti mpaka lero ndimadyera fodya yemweyo. Dziko la Zimbabwe linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2014, komabe fodya ndiye mbewu imene imabweretsa ndalama zambiri zakunja, ndipo sukulu ya adzukulu anga imalipiridwa ndi mabelo. Mu February, mabalani akayamba kufuka, fungo lija limandipezabe pakhosi, ndipo ndimalambalala njira. Pa makilogalamu 6 aja, anayi anachoka m'chaka chimodzi. Awiri anakana, ndipo mayi a kunyumba anati msoko wa buluku lija saubwezanso.